Yewo Mmodzi Anandilanditsa Munda

Amayi anzanga, ndi inu abambo awiri mwabisala kumbuyoko, ndakulonjerani nonse. Andipempha kuti ndiyankhule Chichewa chifukwa pali alendo pakati pathu. Chichewa changa ndi cha pamsika, chogulitsira ufa wa kondowole. Pamene chapunduka mundikonzere mumtima.

Ine ndine NyaMphande. Ndimakhala kumtunda kwa Chikale, pamene njira imasiya nyanja n'kuyamba kukwera phiri. Sukulu ndinalekezera sitandade 3. Amuna anga, Ada Kamanga, anamwalira chaka chatha mvula itangoyamba. Anandisiyira ana awiri aakazi ndi munda umodzi wa chinangwa. Mundawo ndinatsala pang'ono kuutaya, ndipo pakati pake ndinasanduka chidakwa. Ndinene msanga kuti pepala la mundawo silinafikebe m'manja mwanga. Sindikuyankhula ngati munthu amene wawoloka. Ndikadali m'madzi ofika m'chiuno, ndikungokulozerani pamene pali dzenje.

Nonse mwamva za lamulo latsopano la malo, loti minda yathu ilembedwe m'kaundula, munthu akhale ndi pepala la malo ake. Amuna anga ankaliyembekezera ngati mwana woyembekezera Khirisimasi. Ankati, “Olemba malowo akadzafika kuno tidzalembetsa awiri, dzina lako ndi langa papepala limodzi.” Sanawadikire. Anagwa m'munda momwemo khasu lili m'manja, ndipo pofika kuchipatala anali atapita.

Kwathu kuno mkazi akaferedwa amakhala pamphasa, mutu wofunda. Sapita kumunda, sakweza maso, satsutsana ndi munthu, mpaka achibale adzamumasule. Anthu amabwera tsiku lonse. Wina akati pepani, umati yewo. Wina akatula nkhuni, yewo. Wina akapemphera, yewo. Alendo, mawu amenewa muwamvetse. Yewo ndi zikomo. Yewo ndi moni. Yewo ndi kunena kuti ndakuonani, ndamva kuti mwayankhula. Koma yewo si inde. Ngakhale mwana wa kuno amadziwa zimenezo.

Sabata yachitatu ya maliro, a komiti ya malo anafika m'dera lathu kudzayenda m'malire. Ine sindikanatha kupita. Anapita ndi alamu anga a Wilisoni, akulu awo a amuna anga, amene anakhala zaka zambiri ku Joni. Pobwera kumunda anadzera pakhomo panga. Ine ndinangoona mapazi: nsapato, masilipasi, nsapato. Panali mlembi wawo, mtsikana wa kumwera, atanyamula foni yaikulu yolemberamo. Anagwada pafupi nane mwaulemu, n'kuyankhula mawu ambiri m'Chichewa chothamanga. Ndinamvapo “pepani mayi”, ndinamvapo “munda”, ndinamvapo “a Wilisoni”. Pamapeto mawu ake anakwera ngati funso. Ine ndinati, “Yewo.”

Mtsikanayo anafunsa anzake kuti, “Akuti bwanji?”

Alamu anga anati, “Akuthokoza.”

Basi. Mapazi aja anachoka.

Atandimasula ndinatenga khasu kupita kumunda. Ndinapeza zikhomo zatsopano m'ngodya zonse. Alamu anali pomwepo, ataima ndi bambo wina wa galimoto yoyera amene ankangoyang'ana nyanja, osayang'ana chinangwa. Ndinamva pambuyo pake kuti bamboyo amafuna malo omangapo nyumba zogona alendo.

“Mlamu, mukudzatani kuno?”

“Ndikudzapalira, alamu.”

“Munda uno walembedwa m'dzina langa, ngati wamkulu wa banja. Munavomera nokha pamaso pa anthu. Mwaiwala?”

“Ndinavomera liti?”

“Munathokoza, mlamu. Onse anamva. Musadandaule, ndikukusungirani.”

Ndinabwerera khasu lili paphewa, losakhudza dothi. Sindinafunse munthu. Ndinati zalowa m'foni ya boma, zatha. Munthu wa sitandade 3 angatsutsane ndi foni ya boma?

Tulo tinathawa. Mayi wina amene amatcheza kachasu kuseri kwa mudzi wathu anandipatsa kakapu, akuti kongogonetsa. Kanandigonetsadi. Mawa lake ndinapita ndekha. Sabata isanathe ndinkapita kawiri patsiku. Ndinagulitsa jekete la amuna anga, kenako wailesi, kenako mbiya zoviikira chinangwa. Pamsika malo anga anakhalapo wina. Yunifolomu ya amayi a mpingo ndinaipinda ndekha, asanandiuze, n'kuiika pansi pa sutikesi. Mwana wanga wamkulu, Tamala, anatsika kuchokera ku Mzuzu, anandipeza nditagona pakhonde dzuwa lili pamutu, nsalu ili kwina. Anangolongedza zovala za mng'ono wake n'kukwera naye minibasi. Ine ndinawaona akupita, ndipo ndikuuzeni zoona pamaso pa Mulungu: chimene ndinaganiza n'chakuti tsopano palibe wondiletsa.

Miyezi inadutsa motero. Sindikuidziwa bwino.

M'mawa wina ndinadzuka manja akunjenjemera, m'nyumba mulibe chogulitsa. Ndinakumbuka chinangwa. Amuna anga anachibzala asanamwalire, ndipo chinali chitakhwima. Ndinakwera kumunda ngati mbava, ndikuyang'ana uku ndi uku. Ndinazula phata limodzi lokha. Ndisanalithyole n'komwe, mkazi wa alamu anga anakuwa kuchokera kumtunda: “Wakuba! Wakuba m'munda!”

Anthu anathamanga. Anyamata ena amene sankandidziwa anandimanga phata lonse lija m'khosi ndi luzi, mitengo yake ndi chinangwa chake, n'kuyamba kundiyendetsa kupita kupolisi ku boma. Mtunda wonse uja, kuchokera ku Chikale, kudutsa padoko. Ana akuimba kumbuyo. Amayi amene ndinkaimba nawo kwaya akutembenuza nkhope. Ine osalira. Mutu wanga unali pa chinthu chimodzi: kodi kupolisi ndikapirira bwanji osamwa?

Apa ndipang'onopang'ono, chifukwa ndi pamene moyo wanga unakhotera.

Tikudutsa pamsika, panaimirira mayi wina wogulitsa nsomba, NyaLongwe. Amene mumagula nsomba ya batala pamsika wa boma mukumudziwa, mawu ake amafika kudepoti. Anaima pakati pa njira mpeni wopalira nsomba uli m'manja.

“Inu anyamata, mwagwira njovu yanji m'mawa uno?”

“Wakuba, Ama. Waba chinangwa.”

“Phata limodzi, amuna asanu? Mukadagwira ng'ona mukadaitana asilikali. Tamumasulani.”

“Tikupita naye kupolisi.”

“Mukauze apolisi kuti NyaLongwe wamulanda. Akudziwa pamene ndimakhala, amagula pompano.”

Anthu anaseka, anyamata aja anachita manyazi n'kubalalika. NyaLongwe anandikokera kuseri kwa benchi lake, anandikhazika pa ndowa yovundikira, n'kudula luzi lija. Anandipatsa madzi. Kapu inkagunda mano anga. Iye anatola phata lija kuti aliponye pambali, koma anaima. Analitembenuza. Analiyang'ana nthawi yaitali.

Ndikuuzeni za phatalo. Anthu onse amabzala mtengo umodzi wa chinangwa pamalo pake. Amuna anga ankabzala iwiri, yopingasana, pa mtumbira uliwonse. Ankati, “Uwu ndi wako, uwu ndi wanga.” Anthu ankawaseka kuti akuwononga mbewu. Phata limene anandimanga nalo m'khosi linali ndi mitengo iwiri, mizu yake itakolana, osadziwika kuti chinangwa ichi n'cha mtengo uti.

NyaLongwe anati, “Kubzala kotereku n'kwa munthu mmodzi yekha m'boma lonse lino. Iwe ndiwe mkazi wa Ada Kamanga.”

Ndinagwedeza mutu.

“Sindinakuzindikire. Watha, mwana wa amayi.”

Anakhala pansi, padothi penipeni, pafupi ndi mamba a nsomba. Mawu ake aakulu aja anachepa.

“Ndili ndi mlandu ndi iwe. Ine ndili mu komiti ya malo. Anatisankha amayi kuti tikhale maso a amayi anzathu. Tsiku lija ndinalipo pakhomo pako. Masilipasi obiriwira anali anga. Mlembi anakufunsa ngati ukuvomera kuti munda ulembedwe m'dzina la a Wilisoni. Iwe unati yewo. Ine ndinamva, ndinadziwa kuti ndi yewo wa pamaliro. Ndinatsegula pakamwa, koma a Wilisoni ndi mkulu wa mpingo kwathu, ndipo panali pamaliro, ndinati si malo okangana. Ndinati ndidzanena mawa. Mawa lake ndinapita kukapikula nsomba.”

Sindinakwiye. Ndinalibe mphamvu zokwiyira.

“Zinatha,” ndinatero. “Zinalowa m'foni.”

“Sizinathe. Mayina onse awamata pakhoma kusukulu kuti aliyense aone. Amene ali ndi dandaulo anene nthawi isanathe. Anthu akhala akukawerenga. Iwe unali kuti?”

Ndinali kuti? Nonse mukudziwa kumene ndinali.

“Kwatsala masiku asanu ndi anayi,” anatero. “Ine ndidzaima n'kunena zimene ndinamva, ngakhale a Wilisoni asadzandipatsenso moni. Koma tamvera, NyaMphande. Ukadzabwera ukununkha chonchi, sipadzafunika mboni. Adzangoti taonani, tikadampatsa munda akadaumwa. Ndipo ine ndidzawavomereza.”

Anandiika phata lija pamiyendo. Ndinaligwira. Dothi lake linali la m'munda mwathu, lofiira lija. Kuchokera tsiku la maliro ndinali ndisanalire bwinobwino, ndinkangoti yewo, yewo. Tsiku limenelo ndinalira kuseri kwa benchi la nsomba mpaka makasitomala anayamba kusuzumira. NyaLongwe ankangowauza kuti, “Gulani nsomba, si filimu iyi.”

Tsono kusiya. Musanamizidwe kuti munthu akalira ndiye kuti wachira. Madzulo a tsiku lomwelo miyendo inkanditengera yokha kwa mayi wa kachasu uja. NyaLongwe sanandilole kubwerera kwathu, ndinakagona kwake ku Mwaya. Tsiku lachiwiri thupi linayamba kugwedezeka, thukuta, kusanza, ndikuona tizilombo pakhoma. Anandiperekeza kuchipatala. Pamzere ndinkakonza bodza loti ndili ndi malungo. Iye anati, “Ukanama ndikusiya pompano.” Ndinawauza adokotala zoona, kuchuluka kwake ndi miyezi yake. Sanandinyoze. Anati munthu amene wamwa kwambiri chonchi kusiya yekha kunyumba n'koopsa, anandipatsa mankhwala n'kundiuza masiku obwerera. Amene muli m'dzenje limeneli, ndipo ndikudziwa kuti mulipo chifukwa ena tinkakumana kumeneko, yambani ndi kuchipatala, ndipo mukanene zoona.

M'mawa uliwonse NyaLongwe ankandipatsa mpeni ndi beseni la nsomba. Ankati manja onjenjemera apatsidwe chochita. Ndinadzicheka zala zonse. Njira yodzera kwa mayi uja ndinaisiya, mpaka lero ndimazungulira kutali ngakhale mvula ikugwa.

Tsiku lachisanu tinapita kusukulu kuja. Mapepala anali mbee khoma lonse. Ine zilembo ndimazidziwa pang'ono, koma zikachuluka zimayenda ngati nyerere. NyaLongwe anawerenga ndi chala mpaka anapeza. Dzina la alamu anga, lokhalokha. La ine palibe, la ana anga palibe. Tinakapeza mlembi uja. Ndinanena dandaulo langa, iye analemba. Atamaliza, NyaLongwe anandigunda ndi chigongono. Ndinati, “Mundiwerengere zimene mwalembazo.” Ndinali ndisanalamulepo munthu wophunzira chibadwire. Anawerenga. Panali pamene analemba kuti ndikupempha gawo la munda. Ndinati, “Si gawo. Munda.” Anakonza.

Ndinaimbira Tamala. Foni inaitana nthawi yaitali. Atayankha anati, “Ama, mwamwa?” Ndinati lero ndi tsiku lachisanu ndisanamwe. Anati, “Ndidzabwera pa tsiku la mlandu. Ndidzaone ndekha.” Ndi iye amene anandikumbutsa za chikalata cha ukwati wathu cha kutchalitchi. Chinali m'Baibulo la bambo ake. Mwamwayi Baibulo palibe amene amagula ndi kachasu.

Nkhani inakambidwa patapita milungu ingapo, m'kalasi, ife akuluakulu titapanikizika m'madesiki a ana. Kutsogolo kunakhala anthu oweruza nkhani za malo. Alamu anga anavala suti. Anayankhula bwino, sindingawanamizire. Anati munda unali wa bambo awo, anati iwo amangofuna kuteteza malo a banja. Kenako anandiloza.

“Tonse tikumudziwa mayiyu. Mwezi wathawu anayenda ndi chinangwa m'khosi msika wonse ukuona. Jekete la m'bale wanga lavalidwa ndi msodzi wa ku Mwaya. Munthu wotere mungamupatse munda? Komanso anavomera yekha.”

Zonse zinali zoona kupatula chomalizacho. Ndinamva manyazi akukwera kuchokera kumapazi. Tamala anali kumbuyo kwanga, ndinkamva kupuma kwake.

NyaLongwe anaimirira n'kunena zimene anamva tsiku lija, ndi kuti anakhala chete. Anawonjeza kuti, “Ndipo kumwako kunayamba munda utapita, osati usanapite. Tisasokoneze mutu ndi mchira wa nsomba.”

Wapampando anafunsa mlembi kuti ine ndinati chiyani kwenikweni. Mtsikanayo anati, “Anati yewo. Ndinauzidwa kuti akuthokoza, ndiye ndinalemba kuti avomera.”

M'kalasimo munamveka kung'ung'udza. Bambo wina wachikulire, msodzi wakale, anakweza dzanja ngati mwana wa sukulu.

“Ada wapampando, ine dzulo kondakitala anandiponda phazi mu minibasi, ndinati yewo. Kodi ndiye kuti ndampatsa phazilo?”

Anthu anaseka mpaka ena kugunda madesiki. Mlembi sanaseke. Anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, “Mayi, ndinalakwa. Ndinayenera kufunsanso.” Mwana wa eni, misozi inali m'maso. Sindimusungira kanthu.

Wapampando anaona chikalata cha ukwati. Anafunsa oyandikana nafe munda kuti akhala akulima pamenepo ndani zaka zonsezi. Onse anati Ada Kamanga ndi mkazi wawo, wina n'kuwonjeza kuti, “Pitani mukaone, mtumbira uliwonse mitengo iwiri.” Kenako anafotokoza kuti malamulo a masiku ano salola kuti mkazi wamasiye ndi ana alandidwe zimene bambo wasiya. Atatero anandiyang'ana.

“Ama, ndikufunsani pang'onopang'ono. Kodi mukuvomera kuti munda uwu ulembedwe m'dzina la alamu anu?”

Amayi anzanga, kodi mukudziwa chimene chinafika pamilomo panga? Yewo. Munthu wamkulu wandiyankhula mwaulemu, lilime linanyamuka lokha. Ndinaliluma. Ndinagwira desiki ndi manja onse awiri. Ndinakweza mutu. Aka kanali koyamba kuwayang'ana alamu anga m'maso chikwatiwire m'banja lawo.

“Ayi.”

“Mukweze mawu, mlembi amve.”

“Ayi. Sindinavomere tsiku lija, sindikuvomera lero. Mulembe dzina langa ndi la ana anga awiri.”

Anagamula kuti dzina la alamu lichotsedwe, palembedwe athu. Anatiuzanso kuti amene sanakhutire ali ndi ufulu wokadandaula kubwalo lapamwamba. Alamu anatuluka osayang'ana munthu. Panja Tamala anandinunkhiza ngati mwana wakhanda, osabisa n'komwe, kenako anandikumbatira.

Ndiye pano ndili pati? Ndinabwerera kumunda. Ndazula, ndaviika, ndayambanso kugulitsa ufa, pa malo ena kumapeto kwa msika. Wamng'ono uja akadali ku Mzuzu, mkulu wake akuti abwera teremu ikatha ngati zinthu zikhalabe chonchi, ndipo sindimutsutsa. Yunifolomu ikadali pansi pa sutikesi. Pepala silinabwere. Lachiwiri lililonse ndimapita kukafunsa, amati likukonzedwa. Sindikudziwa ngati alamu anakadandaula kubwalo lapamwamba lija, sitiyankhulana. Galimoto yoyera ija ndinaionanso sabata yatha, itaima m'munsi mwa munda. Pakhosi panauma mwa mtundu uja ndimaudziwa, wofuna kachasu. Ndinatsika kupita kwa NyaLongwe kukapala nsomba mpaka panadutsa.

Ndamva kuti a komiti akulowera kumidzi ya ena mwa inu mwezi ukubwerawu. N'chifukwa chake ndavomera kuima pano ndi manyazi angawa. Ngati amuna anu ali moyo, inu abambo awiri kumbuyoko mukumva, lembetsani mayina awiri lero, musadikire. Ngati muli pamphasa ya maliro ndipo kwabwera anthu ndi mapepala, mwambo sukuletsani kunena kuti bwerani tsiku lina. Ikani pambali panu mayi mnzanu wa pakamwa, amene saopa suti. Mayina akamatidwa pakhoma, pitani ndi munthu wodziwa kuwerenga, ngakhale mukuganiza kuti zonse zili bwino. Ndipo inu amene muli m'makomiti, mukamva yewo wa pamaliro, musadikire mawa.

Pali mawu atatu amene ndaphunzira ndili wamkulu kale, ndipo ndimawayeserera ndikamapalira: sindinamve, bwerezani, ndiwerengereni. Ndi olemera pakamwa kuposa thumba la ufa. Tinaleredwa kuti mkazi wabwino amathokoza. Thokozani ndithu, koma muyambe mwadziwa chimene mukuthokozera.

Dzulo ndinabzala mitumbira isanu ndi umodzi kumunsi kwa munda, pafupi ndi pamene pamaima galimoto ija. Ndinabzala mitengo iwiriiwiri, yopingasana. Sindikudziwa ngati ndidzazule ndine. Koma aliyense wobwera kudzayeza malowo adzapeza mbewu ili m'nthaka, ndipo adzandipeza ine, ndili maso.

Mwandimvera nthawi yaitali, ndipo palibe amene waseka pamene sipanayenere. Tsopano ndinena mawu aja, ndikudziwa chimene ndikunenera. Inu a kumwera amene mukulemba m'kabukuko, ikani cholembera pansi, ameneyu musamulembe paliponse.

Yewo.